Jekete la Wamazira

Kwawo ankamuitana kuti Mzime, poti ndiye anali wotsiriza kubadwa. Kuntchito ankangoti Aphunzitsi. Ankaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo pa aphunzitsi onse a pasukulupo wamkazi anali yekha.

Kumeneko n'kumene anakumana ndi Wamazira. Mwamunayu anatulukira tsiku lina atanyamula chikwama cha zitsulo ndi katsamiro, nati akufuna kuphunzira. Anali wamfupi kwambiri. Thunthu linali ngati la munthu wina aliyense, koma mikono ndi miyendo zinali zazifupi, moti akaima pafupi ndi Mzime mutu wake unkalekeza pachifuwa. Aphunzitsi aamuna anayamba kupatsirana maso. Wina anakumbuka kuti mutu ukumupweteka, wina kuti batire la galimoto yake lafooka. Mzime anangotenga sipanala n'kumangirira zitsulo zija pa zopondera zonse zitatu, n'kumuuza kuti akwere.

Mayeso anakhoza ulendo woyamba, koma sanasiye kubwera. Ankati rivesi ikumuvutabe.

Atamufunsa za ntchito, anayankha kuti, "Ndimagwira za mazira." Mzime anasunga nambala yake m'foni kuti Wamazira, akukhulupirira ndi mtima wonse kuti munthuyu amagulitsa mazira. Panapita nthawi asanadziwe kuti amaphunzitsa ophunzira udokotala, ndipo mazirawo ndi ofufuzira mmene mwana amaumbikira asanabadwe. Koma dzina linali litakakamira kale, chikondinso chimodzimodzi.

* * *

Lachisanu lina masana Mzime anapita kulabu, chipinda chimene Wamazira ankachitiramo kafukufuku wake. Mawa lake linali tsiku lokamuonetsa kwa amayi ake, ndipo panali kanthu kamene kankamudya mumtima.

M'chipindamo munali motentherapo, mukununkha sipiriti. Pakona makina ofungatira mazira ankangong'ung'udza. Wamazira anali ataima pakabokosi kathabwa, maso ali pa maikulosikopu.

"Nkhope imeneyo ndi ya nkhani," anatero atacheuka. "Bwera uone kaye usanayambe."

Dzira linali litabooledwa kazenera pamwamba. Mzime atasuzumira anaona kanthu kopindika ngati nyemba yonyikidwa, pakati pake kadontho kofiira kakugunda mofulumira.

"Mtima umenewu?"

"Mtima. Kangotha masiku atatu. Tayang'ana m'mbalimo, pali timalo totupa. Amenewo ndi mapiko ndi miyendo ya mawa."

"Ndiye kamadziwa bwanji kuti apa pamere mwendo?"

"Maselo amauzana. Ena amatulutsa timadzi tonyamula uthenga wa kakulidwe. Ena ali ndi zolandirira pakhungu pawo, tinene kuti timakutu. Timadzi tija tikakhudza khutu, selo limamva kuti ligawikane, kapena lisunthe, kapena lilekere pomwepo. Ndikatenga kamkanda kochepa ngati mchenga, n'kukanyika m'timadzi timeneti, n'kukaika panthiti apa pamene sipayenera kumera kanthu, pamatuluka mwendo wowonjezera."

"Ootcha nkhuku asamve zimenezo, angakube."

Wamazira anaseka, n'kumata kazenera kaja ndi tepi. "Chabwino, nena."

"Amayi sindinawauze."

"Kuti ndikubwera?"

"Kuti ndiwe wamfupi."

Anabweza dzira m'makina muja mosamala, n'kutseka chitseko chake. "Unawauza chiyani?"

"Kuti sumwa mowa, ndipo umaphunzitsa madokotala."

"Ndiye akudikira munthu woti aziwerama polowa pakhomo." Anatsika pakabokosi paja. "Aona okha, si chinthu chobisa m'thumba. Koma ndikuuziretu, akandifunsa za ana ndiwauza zoona."

"Usachite kuthamangira nazo."

"Sindiyamba ndine. Koma akafunsa ndiyankha."

* * *

Amayi a Mzime anali mayi wamasiye wosakonda zolankhulalankhula, amene anagwira ntchito yotayipa m'maofesi mpaka kupuma. Tsikulo anaitana azakhali a Mzime, mlongo wa malemu bambo ake, ndiponso mwana wawo woyamba, achimwene ake a Mzime, munthu wamtali ngati mzati wa magetsi.

Kutagogodedwa, amayi anatsegula okha. Maso awo anayamba ayang'ana m'mwamba, pamene ankaganiza kuti pakhala nkhope, kenako anatsika. Mawu awo sananjenjemere.

"Takulandirani, bambo. Lowani."

Azakhali anasuzumira kumbuyo kwa Wamazira. "Kodi mlendoyo akuimika galimoto?"

"Mlendoyo ndine, azakhali," anatero Wamazira. "Galimoto ndaimika kale, ndipo ndaimika bwino. Mwana wanuyu amadziwa kuphunzitsa."

Achimwene anatsokomola ngakhale analibe chifuwa. Mzime analakalaka pansi patang'ambika.

Masofa a pabalaza anali akuya, oti Wamazira akanakhalapo miyendo ikanangoti tasa m'mwamba. Anapempha mpando wathabwa wa patebulo, n'kukwerapo mosavuta ngati munthu amene wakhala akutero moyo wake wonse. Anali atavala jekete labuluu wakuda, lomukhala bwino kuposa mmene suti iliyonse inawakhalirapo achimwene.

Anadya mpunga ndi nkhuku akukamba za mvula ndi za misewu. Atasamba m'manja, azakhali anakonza kukhosi.

"Kwanu nonse muli chonchi?"

"Ayi. Bambo anga ndi aatali ngati achimwenewa. Amayi ndi azibale anga onse chimodzimodzi."

"Ndiye chinachitika n'chiyani? Amayi anu anadwala ali oyembekezera? Kapena pali chimene analakwitsa?"

"Sanalakwe kanthu, azakhali. Mafupa a mwana amayamba ali anthete, ndipo amatalikira kumapeto kwake. M'maselo a pamenepo muli kachinthu kolandira uthenga, kamene ntchito yake ndi kuchepetsa liwiro la kakulidwe. Tinene kuti ndi buleki. Mwa anthu ambiri imagwira ikauzidwa kuti igwire. Mwa ine inakanirira ndisanabadwe, osadikira kuuzidwa. M'malangizo onse a thupi langa munasintha chilembo chimodzi chokha, mwangozi. Ambiri a ife timabadwa kwa makolo aatali."

Nthawi yonseyi amayi ankapindapinda kansalu kopukutira m'manja. Anakaika patebulo.

"Nanga ana?"

Mzime anamuponyera diso, koma Wamazira ankayang'ana amayiwo.

"Ndi theka ndi theka, amayi. Mwana akhoza kutengera ine, akhoza kutengera iyeyu. Mimba iliyonse payokha, ngati maere. Akhoza kubadwa atatu onse aatali, akhozanso kubadwa onse ngati ine."

"Mankhwala palibe?"

"Alipo atsopano othandiza ana kutalikirako pang'ono, koma sachotsa chiyambi chake. Ndipo si msinkhu wokha. Ena amavutika makutu, ena msana, ena kupuma akadali makanda. Ineyo anandichita opaleshoni yowongola miyendo ndili mwana."

"Bwanawe," anatero achimwene, "mwabwera kudzafunsira kapena kudzatiopseza?"

"Ndikungoyankha zimene amayi afunsa."

"Ife tamva kuti mumaboola mazira n'kumayeserapo zinthu," anatero azakhali, akuyang'ana kukhoma. "Mwana wa mchimwene wanga si dzira."

"Azakhali," anayamba Mzime.

"Asiye," anatero Wamazira. "Akanakhala mwana wanga nanenso ndikanafunsa."

Potsika pampando potsanzika, kunamveka kuti kwee. Msomali wina umene unali utatulukira kumsana kwa mpandowo unakola jekete n'kuling'amba kuyambira paphewa mpaka pakati pamsana.

"Vulani," anatero amayi. "Msomali ndi wathu, tikonza ndife."

Anayesa kukana, koma amayiwo anali atatambasula kale dzanja. Anatuluka ndi shati yokha.

* * *

Potsuka mbale, amayi anapukuta matambula onse asanatsegule pakamwa.

"Unandibisira chifukwa chiyani?"

"Ndinkaopa, amayi."

"Unkaopa ine, kapena unkachita naye manyazi?"

Mzime anapitiriza kukwecha poto amene anali atayera kale.

"Ndiye mwati bwanji?" anafunsa patapita nthawi.

"Sindinati kanthu. Jeketelo ndaliona, singano yanga singalithe. Upite nalo kwa amene analisoka. M'kolala muli kansalu kolemba kumene kuli shopu yake."

Madzulo ake foni ya Mzime inalira, unali uthenga wa Wamazira.

*Ndafika bwino. Ndalakwa mayeso?*

*Zotsatira sizinatuluke. Koma unalankhula kwambiri.*

*Anafunsa.*

*Azakhali akuti ndisamakuyankhenso.*

*Ndiye panopa ukuyankha ndani?*

*Wogulitsa mazira winawake.*

Za kwa telala sanamuuze. Ankafuna adzangomupatsa jekete lake lili bwinobwino, aone mmene adzasekerere.

* * *

Lolemba m'mawa Mzime anaipeza shopuyo kuseri kwa masitolo a zitsulo, m'kanjira kopapatiza koti galimoto singalowemo. Atangolowa anaona kuti chilichonse m'menemo n'chachifupi: tebulo lodulira nsalu, mashelefu, ngakhale galasi. Chopondera cha makina osokera chinali chitakwezedwa ndi thabwa.

Kuseri kwa makinawo kunali mayi wamfupi ngati Wamazira, wankhope yosalala, wandolo zazikulu, tepi yoyezera ili m'khosi. Analandira jeketelo, n'kulitembenuza, n'kulowetsa chala pong'ambikapo.

"Ili ndinasoka ndine," anatero telalayo. "Analikola pati?"

"Pampando, kwathu."

"Ndinu aphunzitsi a galimoto."

"Mukundidziwa?"

"Anandiuza. Suti zake angamusokere ndani wina? Akagula zam'sitolo mikono imafika m'maondo." Anayala jeketelo patebulo n'kuyamba kulibaya mapini. "Khalani pansi, achemwali, khosi lingandipweteke. Za ine anakuuzani?"

"Ayi. Ndangoona m'kolalamo."

Telala anaseka pang'ono ndi m'mphuno. "Tinakhala nyumba imodzi zaka zingapo. Tinali ndi mwana."

Mzime anakhala pakampando kafupi, maondo ali pafupi ndi chibwano.

"Musaope, simukamupeza pakhomo akudikira kuti mumulere. Anamwalira." Telala ankalankhula osakweza maso, manja ali pantchito. "Mukudziwa kale mmene munthu uja alili, sabisa. Ndisanatenge mimba anandikhazika pansi. Anati anthu ngati ife tikakwatirana tokhatokha, pa ana anayi mmodzi amakhala wamtali, awiri amakhala ngati ife, wachinayi amatenga mbali zonse ziwiri, kwa bambo ndi kwa mayi. Ameneyo nthiti zake sizikula mokwanira, mapapo amasowa malo. Ine ndinati tiyese, atatu ndi ambiri. Tinagwera pa wachinayiyo."

Panja munthu wina ankadula chitsulo. Telala anadikira mpaka phokosolo litatha.

"Anali mnyamata. Anakhala masiku ochepa m'makina. Bambo akewo ankadziwa chilichonse chimene chinkachitika m'thupi mwake, mpaka dzina la kachinthu kamene kanalakwika, koma ankangoima pagalasi ngati wina aliyense."

"Pepani," anatero Mzime. Mawuwo anatuluka ouma.

"Patapita chaka ine ndinati tiyesenso. Iye anakana. Anati kabokosi kachiwiri sanganyamule. Ine ndinkafuna mwana, iyenso ankafuna mwana, koma osati ndi ine. Sitinatukwanane, palibe anaswa mbale. Anandisiyira nyumba, nati ndikapeze mwamuna wamtali, nayenso akapeze mkazi wamtali." Apa m'pamene anakweza maso. Anamuyang'ana Mzime kuyambira kumapazi mpaka kumutu, pang'onopang'ono, ngati akumuyeza diresi. "Iye wapeza. Wasankha bwino, miyendo yanuyi ilibe chotsutsa."

"Mukundiuziranji zimenezi?"

"Chifukwa mwalowa muno jekete lake lili pamkono ngati mkazi wake. Ndiye mudziwe chimene mwanyamula. Komanso ine sindinama, ndimamufunabe." Anachotsa pini pakamwa n'kuibaya paphewa la jekete. "Mudzalitenge Lachinayi. Chipsera chidzaoneka pang'ono, koma kwa munthu wodziwa pomwe chili."

* * *

Mzime anaimbira wophunzira wake wa masana kuti abwere mawa. Anayendetsa mpaka kumene Wamazira ankaphunzitsa, n'kuimika galimoto pansi pamtengo, n'kulemba uthenga wa mawu awiri: *Ndili panja.*

Wamazira anatuluka akumwetulira, m'manja muli mabanzi awiri. Atakwera n'kuona nkhope ya Mzime anawaika pabolodi lakutsogolo.

"Amayi akana?"

"Ndachokera kwa telala wako."

Wamazira anatseka chitseko pang'onopang'ono. Anakhala akuyang'ana kutsogolo, kumene ophunzira ovala makoti oyera ankadutsa akuseka.

"Wakuuza za mwana."

"Amayi anga unawauza za makutu, za msana, za opaleshoni. Palibe unasiya. Koma ine zoti unaikapo mwana m'manda ndikazimve kwa munthu wa mapini pakamwa?"

"Ndinalakwa. Ndinayesa kangapo kuyamba. Za maselo ndikhoza kufotokoza tsiku lonse osapuma. Za mwana uja mawu amandithera."

"Chimenecho ndikhoza kuchimvetsa. Mwina osati lero, koma ndikhoza." Mzime anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri ngakhale injini inali yozimitsa. "Ndikufunsa china, ndipo undiyankhe mmene unawayankhira amayi. Pakanapanda wachinayi uja, ukanamusiya?"

Wamazira anayang'ana mabanzi aja. Mzime ankamudziwa mokwanira kuti sakufunafuna bodza, akungoyeza kulemera kwa chimene anene.

"Ayi. Sindikanamusiya."

"Ndipo ine ndikanakhala wamfupi ngati iyeyo, ukanandifunsira?"

"Sindikanalimba mtima."

"Ndiye ine ndine njira yolambalala."

"Sindinabwere kusukulu kwanu kudzafuna mkazi, Mzime. Ndinatopa ndi kukwezedwa m'basi ngati katundu. Zina zonse zinachitika ndikuona, ndipo sindinaziwerengere. Ndinakukonda chifukwa unandikalipira tsiku loyamba ngati mmene umakalipirira wina aliyense."

"Umamukondabe?"

"Ndimakonda iwe. Iyeyo ndi mayi wa mwana wanga. Chimene chinatsala pakati pathu sindichidziwa dzina, koma sindingakuuze kuti palibe."

Mzime anatsitsa galasi kuti mulowe mphepo. Ankafuna kukwiya, koma mkwiyo unkasowa pogwira. Munthu wabodza ukhoza kumutukwana n'kumutsitsa m'galimoto. Uyu ankangopereka chilichonse chimene wafunsidwa, n'kumusiyira iyeyo kuti anyamule.

Foni inalira. Anali amayi ake. Anaganiza zoisiya, koma amayiwo sankaimba kawiri, ndipo sankaimba popanda chifukwa.

"Amayi."

"Uli pamsewu?"

"Ndaima."

"Chabwino. Ndaganiza za munthu wako uja." Mawu awo ankamveka bwino m'galimoto monse. "Masiku awiriwa sindinagone bwino, ndisakunamize. Zidzukulu zimene ndinkaziona m'mutu mwanga sizinali zimenezo. Koma ndakhala zaka zambiri m'maofesi, ndaona amuna ambiri aatali olankhula zokoma. Munthu amene wafika pakhomo tsiku loyamba n'kuyala zake zonse patebulo, zabwino ndi zoipa zomwe, ameneyo sangakubisire kanthu. Azakhali ako ndalankhula nawo. Akung'ung'udzabe, koma atopa. Lamlungu ubwere naye, ndaitana amalume ako kuti adzamuone."

Mzime anatseka maso.

"Ukundimva?"

"Ndikumva, amayi."

"Bwanji ukuyankha ngati ndakuuza za maliro? Si zimene unkafuna? Ali pafupi? Ngati ali pafupi mpatse foniyo, ndimupepese ndekha za mawu a azakhali ako aja."

Wamazira anali atamva zonse. Sanagwedeze mutu kuti inde kapena ayi. Anangotambasula dzanja lake, chikhato chili m'mwamba, n'kulisiya pakati pawo pamwamba pa giya, kuti Mzime asankhe yekha.

"Halo? Mzime?"

"Sali pafupi, amayi," anatero Mzime, akumuyang'ana m'maso. "Ndikuimbirani ndikaweruka."